Kusamalira wovulala pa ngozi ya pamsewu, kuyambira pamalo a ngozi mpaka kuchipatala

Ngozi ikachitika pa Great East Road, kaya ndi m'mapiri a Kacholola, pa Sinda kapena chakufupi ndi Mtenguleni, zochitika zake zimafanana. Anthu amakhamukira pamalopo, wina n'kugwira mikono, wina miyendo, wovulala n'kuponyedwa kumbuyo kwa kanta imene yayamba kuima. Mutu ukulendewera, magazi akuchucha, ndipo palibe amene wayang'ana ngati munthuyo akupuma. Pofika ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata Central Hospital, anamwino amalandira munthu amene wataya magazi njira yonse, kapena amene watsamwa ndi masanzi ake omwe.

Malangizo awa ndi a inu amene mumayamba kufika: ogwira ntchito mu ambulansi, a pakiliniki ya kumudzi, odzipereka a zaumoyo, apolisi a pamsewu, ngakhalenso oyendetsa honda ndi njinga zonyamula anthu, amene kawirikawiri ndiwo amayamba kuona ngozi. Mphindi zochepa zimene mungathere pamalopo mukuletsa magazi ndi kutsegula njira ya mpweya zimapulumutsa munthu kuposa liwiro la galimoto. Ntchito zina pansipa ndi za okhawo amene anaphunzitsidwa, ndipo pamene pali potero ndanena.

Zofunika kukhala nazo

Aliyense, ngakhale wopanda ambulansi:

- Magolovesi, mapeya angapo. Akasowa, valani mapulasitiki osabooka m'manja.
- Gozi, mabandeji, ndi zitenge zochapa ziwiri kapena zitatu. Chitenge chimagwira ntchito zambiri pano kuposa chida china chilichonse.
- Tourniquet (lamba womanga mwendo kapena mkono kuti magazi aleke) yogula, kapena chitenge ndi kamtengo kolimba kotalika ngati supuni yaikulu.
- Sizasi yotha kudula jinzi ndi jekete.
- Mabulangete awiri.
- Tochi, makamaka yovala kumutu kuti manja onse agwire ntchito.
- Ma triangle ochenjeza magalimoto ndi jekete lowala.
- Makatoni olimba kapena timatabwa tomangira mafupa.
- Cholembera chotha kulemba pakhungu, ndi pepala.
- Foni yotchajidwa, yokhala ndi manambala a chipatala cha m'boma lanu.

A mu ambulansi awonjezere silinda ya okosijeni ndi mamasiki ake, Ambu bag (thumba lofinya lothandiza munthu kupuma), makina okokera madzi m'kamwa, timapaipi totsegula njira ya mpweya, pulse oximeter (kachida kapachala koyezera okosijeni m'magazi), makina a BP, makina oyezera shuga, makanula aakulu, madilipi a Ringer's lactate kapena normal saline, dextrose (shuga wa mumtsempha), tranexamic acid (mankhwala ochepetsa kutaya magazi) ndi machira.

Zida izi ziziyang'anidwa poyamba shifiti, osati foni italira kale. Tsegulani silinda muone kuti muli mpweya wochuluka bwanji, ndipo onani kuti kiyi yake ili pomwepo. Silinda yodzadza yopanda kiyi ndi katundu chabe.

1. Yambani mwateteza malowo

Imikani galimoto yanu moti itchinge ovulala, magetsi ochenjeza ali chiyakire. Ikani ma triangle mbali zonse ziwiri, masitepe aatali 100 kuchoka pangozi. Ngati pali pokhota kapena pachitunda, chizindikiro chikhale patsogolo pa kona, pamene wobwera angachione nthawi ikadalipo. Nthambi zimene timazolowera kuyala pamsewu zimathandiza masana, koma usiku woyendetsa lole amaziona atafika kale. Tumani anthu awiri okhala ndi matochi akaimitse magalimoto.

Zimitsani injini ya galimoto yangoziyo, chotsani kiyi, ikani miyala kumatayala. Pasakhale wosuta fodya.

Chenjezo: ngati yagwa ndi thanki ya mafuta, kapena mukumva fungo la petulo, thamangitsani anthu apite kutali, ndipo muwauze mosabisa mawu. Mu Novembala 2016 ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu oposa 70 anafa thanki itaphulika iwo akutunga mafuta. Waya wa magetsi akagwera pagalimoto, musakhudze galimotoyo mpaka a ZESCO atathimitsa.

2. Itanani thandizo

Apolisi ndi 991, ambulansi 992, ozimitsa moto 993, ndipo RTSA, yoona za chitetezo cha pamsewu, ili ndi nambala yaulere ya 983. Koma kwathu kuno foni imene imafulumiza zinthu kawirikawiri ndi ya namwino wa pakiliniki yapafupi kapena ya chipatala cha boma, choncho khalani nazo m'foni mwanu. Musakuwe kuti "wina aimbe foni", chifukwa aliyense adzaganiza kuti mnzake waimba. Lozani munthu mmodzi: "Inu atate a shati yofiira, imbani 992, mukatha mubwere mundiuze zimene anena."

Woimbayo atchule malo ndi chizindikiro chodziwika, monga sukulu, mlatho kapena tchalitchi, anene chiwerengero cha ovulala, ndiponso ngati wina wapanikizika m'galimoto.

3. Werengani ovulala, sankhani woyamba

Nthawi ya Nc'wala mu Febuluwale, ya Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kapena nyengo yogulitsa mbewu, lole imodzi imanyamula anthu ambirimbiri kumbuyo. Ikagwa, inu muli awiri, ovulala ali paliponse. Imani poonekera mukuwe kuti: "Aliyense amene angathe kuyenda apite pansi pa mtengo uwo." Amene anyamuka angathe kudikira pang'ono. Otsalawo ayendereni mmodzimmodzi, mwachangu, mukuyang'ana zinthu ziwiri zokha: kodi akupuma, nanga akutaya magazi kwambiri?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mtima umathamangira kwa amene akulira mokweza. Koma wolira mokweza ali ndi mpweya, ndipo ubongo wake ukugwira ntchito. Amene wagona chete m'ngalande, akuliza mkonono, ndiye ali pafupi kufa. Yang'ananinso m'udzu ndi pansi pa katundu, pakuti ana amaponyedwa kutali. Mukaona mai wovulala ali ndi chitenge chobelekera chopanda mwana, funsani msanga.

Pali chinthu chowawa chimene ndiyenera kunena. Ovulala akachuluka, munthu amene sakupuma ngakhale mwamutsegulira njira ya mpweya mumusiye, mupite kwa amene akutaya magazi koma akadali moyo. Ngati wovulala ali yekha, ndipo sakupuma kapena akungobanika mwa apo ndi apo, yambani CPR: kukanikiza pakati pa chifuwa ka 30, kupereka mpweya kawiri, kuzama masentimita 5 mpaka 6, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi.

4. Letsani magazi otuluka kwambiri

Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Mtsempha waukulu wa m'ntchafu ukaduka, mphindi zochepa zimakwana kumutha. Choncho magazi amene akuthovoka, kapena amene apanga dziwe pansi, ndiwo oyamba, musanachite china chilichonse.

Dulani chovala muone pamene magazi akutulukira penipeni. Ikani gozi kapena chitenge chopinda pomwepo, kanikizani ndi chikhatho, chigongono chili chowongoka, thupi lanu lonse litsamire pamenepo. Khalani choncho mphindi 10 osasuzumira. Kusuzumira ndiko kumawononga ntchito: magazi ayamba kugwirana, inu mwatukula nsalu kuti muone, ayambiranso. Nsalu ikanyowa, yapansiyo isiyeni, onjezani ina pamwamba, ndipo funsani dzanja lanu ngati likukanikiza pamalo oyenera. Akaleka, mangani bandeji yolimba.

Bala lakuya la m'mphechepeche kapena m'khwapa silileka ndi kukanikiza pamwamba pokha. Lowetsani gozi m'kati ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka dzenjelo litadzaza, kenako kanikizani. Wodwala adzakuwa. Muuzeni kuti, "Pepani atate, zipweteka, koma ndikuletsa magazi," ndipo musaleke. M'chifuwa ndi m'mimba musalowetsemo kanthu.

Chitsulo, galasi kapena mtengo ukabaya n'kutsalira m'thupi, musazule. Ndiwo ukutseka mtsempha. Unjikani nsalu mbali zonse kuti usagwedezeke.

Ngati ndi mwendo kapena mkono, ndipo kukanikiza kwalephera, kapena chiwalo chaduka, mangani tourniquet:

- Ikhale pamwamba pa bala, mbali ya kuthupi, masentimita 5 mpaka 7 kuchoka pabalapo, osati pabondo kapena pachigongono.
- Ngati ndi ya chitenge, chipindeni chikhale chotambalala ngati zala zitatu kapena zinayi, zungulizani kawiri, mangani mfundo, ikani kamtengo, mangani mfundo ina pamwamba, potokolani mpaka magazi ataleka. Mangirirani kamtengoko kuti kasabwerere.
- Lembani nthawi pamphumi pa wodwala, mwachitsanzo "T 14:20".
- Musaifunditse ndi bulangete. Aliyense aione.

Chenjezo: malegeni a panjinga, chingwe ndi waya si tourniquet. Zimadula mnofu ndi mitsempha. Ndiponso tourniquet yomanga mwamantha ndi yoipa kuposa kusamanga, chifukwa imatseka magazi obwerera pamene olowa akupitirira, bala n'kumachucha kwambiri. Mukamanga, mangani mpaka magazi aleke. Musamasule panjira chifukwa choti wodwala akulira. Ngati ulendo ndi wautali ndipo maola awiri akuyandikira, imbirani dokotala wa kumene mukupita akuuzeni chochita.

5. Tsegulani njira ya mpweya, gwirani khosi

Fikani chakutsogolo kwa wovulala kuti asatembenuze mutu pofuna kukuonani. Lankhulani: "Amai, ndabwera kudzakuthandizani. Musagwedeze mutu. Dzina lanu ndani?" Akayankha bwinobwino, njira ya mpweya ndi yotseguka pakali pano.

Ngati sakuyankha, tcherani khutu pakamwa pake. Mkonono ukutanthauza kuti lilime lagwera kumbuyo. Phokoso la madzi kukhosi ndi magazi kapena masanzi. Gwadani kumutu kwake, zikhatho zanu zigwire mbali zonse za mutu, zala zilowe kumbuyo kwa nsagwada pansi pa makutu, ndipo kankhirani nsagwadayo kutsogolo, khosi osalipinda. Kawirikawiri mkonono umaleka pomwepo. Chotsani zimene mukuziona m'kamwa, monga mano othyoka kapena chakudya, koma musapise chala mwachimbulimbuli. Amene muli ndi makina okokera, kokani. Kapaipi ka m'kamwa n'ka munthu amene wakomokeratu. Wina amene akumva pang'ono kadzamusanzitsa.

Aliyense amene wagwa pahonda, waponyedwa kunja kwa galimoto, wagundidwa akuyenda pansi kapena wakomoka, mutengeni ngati wovulala khosi. Munthu mmodzi agwire mutu, ndipo imeneyo ikhale ntchito yake yokhayo. Pindani zitenge kapena matawulo muike mbali zonse za mutu.

Akayamba kusanza, mutembenuzeni thupi lonse pamodzi, mutu, mapewa ndi chiuno zili pamzere umodzi, masanzi atuluke. Musaope kumutembenuza poganizira za khosi. Munthu wotsamwa amafa m'mphindi zochepa, choncho mpweya ndiwo umatsogola. Ngati muli nokha ndipo muyenera kupita kwa wovulala wina, wokomokayo mugonekeni cham'mbali, kamwa litaloza pansi.

Chisoti cha pahonda chichotsedwe pokhapokha ngati chikukulepheretsani kusamalira kupuma, kapena akusanza. Pafunika anthu awiri: wina agwire nsagwada ndi kumbuyo kwa khosi kuchokera pansi, wina atambasule chisotiyo m'mbali n'kuchisolola pang'onopang'ono.

6. Yang'anani kupuma

Tsegulani malaya muone chifuwa ndi maso anu. Kodi mbali zonse zikukwera mofanana? Werengani kupuma. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Kupitirira 30, kapena kuchepera 10, ndi zoopsa. Perekani okosijeni wa masiki yokhala ndi kathumba, malita 10 mpaka 15 pa mphindi, kwa aliyense wovulala kwambiri. Wopuma mofooka muthandizeni ndi Ambu bag, kufinya kamodzi pa masekondi 5 kapena 6, mongokweza chifuwa basi. Ambiri amafinya mothamanga chifukwa cha mantha, n'kudzaza mimba ndi mpweya.

Bala la pachifuwa limene likuyamwa mpweya kapena kutulutsa thovu litsekeni ndi pulasitiki yoyera, muimate mbali zitatu, mbali yachinayi ikhale yotseguka kuti mpweya uzituluka. Mukaona kuti wayamba kubanika kwambiri mutatseka, tukulani pulasitikiyo.

Wodwala amene kupuma kukumuvuta mowonjezereka, mbali imodzi ya chifuwa sikuyenda, mtima ukuthamanga ndipo akufooka, mwina mpweya wadzaza m'chifuwa n'kupanikiza phapo ndi mtima. Kuboola ndi singano kuti mpweyawo utuluke ndi ntchito ya amene anaphunzitsidwa. Enanu thamangirani kuchipatala chapafupi, ndipo imbani foni muwauze zimenezi.

7. Funani magazi otayikira m'kati

Magazi apansi aliyense amawaona. Oopsa ndi amene sakuoneka. Amabisala m'chifuwa, m'mimba, m'chiuno ndi m'ntchafu. Fupa limodzi la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kupitirira ingatayikire m'mnofu popanda dontho lotuluka kunja.

Gwirani dzanja lake. Lozizira, la thukuta, kugunda kwa pamkono kofooka ndi kothamanga kupitirira 100 pa mphindi. Tsitsani chikope cha m'munsi, onani lilime ndi zikhatho ngati zayera. Finyani chikhadabo kwa masekondi 5 n'kusiya; mtundu wake ukachedwa kubwerera kupitirira masekondi 3, magazi achepa. Adzapempha madzi mobwerezabwereza, adzayamba kusakhazikika kapena kulankhula zosokonekera.

Chenjezo kwa a mu ambulansi: BP imatsika mochedwa, makamaka mwa anyamata amphamvu, ana ndi amai apakati. Mukadikira kuti nambala itsike ndiye mukhulupirire, mwachedwa kale.

Wodwala akamadandaula m'chiuno, kapena wagundidwa ndi galimoto ndipo ali ndi zizindikiro izi, mangani chiuno. Musayese kuchigwedeza kuti muone ngati chathyoka. Pindani chitenge m'litali, chilowetseni pansi pa mawondo, chikokereni m'mwamba mpaka pamene mafupa a ntchafu atundumukira m'mbali, molingana ndi kumaliseche. Apa ndi pamene pamalakwika: ambiri amamanga pamchombo, pamene pamakhala lamba, ndipo sizithandiza kanthu. Anthu awiri akoke mbali ndi mbali, mangani molimba, kenako mangani mawondo ndi akakolo pamodzi.

Ophunzitsidwa aike makanula aakulu awiri, koma ngati mtsempha ukuvuta, musataye mphindi 20 pamsewu mukubayabaya. Kaikeni muli m'njira. Dilipi iperekedwe pang'onopang'ono, mamililita 250 mpaka 500, n'kuyang'ananso, cholinga chikhale chakuti kugunda kwa pamkono kumveke ndipo wodwala aziyankha. Madzi ambiri amasungunula magazi n'kukokolola pamene panagwirana. Ngati muli ndi tranexamic acid ndipo malamulo a ntchito yanu akulolani, wamkulu apatsidwe galamu imodzi mumtsempha kwa mphindi 10, pasanathe maola atatu chichitikire ngozi. Maola atatu akadutsa musapereke.

8. Onani mmene ubongo ukugwirira ntchito

Muikeni pa chimodzi mwa zinayi izi, ndipo lembani pamodzi ndi nthawi: ali maso, amayankha mukamuitana, amangomva mukamutsina, kapena sakumva chilichonse. Walitsani tochi m'maso muone ngati mwana wa diso wina wakula kuposa mnzake. Muuzeni agwedeze zala za kumanja ndi kumapazi. Yezani shuga, ikakhala pansi pa 3.5 mmol/L, perekani dextrose monga munaphunzirira.

Fungo la kachasu lisakupusitseni. Munthu angakhale woledzera komanso wovulala ubongo nthawi yomweyo, ndipo amene tinamuweruza kuti "ndi mowa chabe, agone" ndi amene sadzuka m'mawa. Wina amakomoka pang'ono, n'kudzuka, n'kumacheza bwinobwino, pamene magazi akusonkhana m'chigaza. Aliyense amene anakomokapo apite kuchipatala, ngakhale akukana.

9. Yang'anani thupi lonse, kenako mufunditseni

Dulani zovala muone paliponse, ndi kumsana komwe pomutembenuza. Pemphani amai awiri atambasule chitenge kutchinga anthu, ndipo ngati wovulala ndi wamkazi, pakhale mkazi mnzake pafupi. Ojambula ndi mafoni auzeni asiye.

Fupa lothyoka limangeni mmene mwalipezera, ndi katoni kapena thabwa lofika kupitirira mfundo ya pamwamba ndi ya pansi. Fupa lotulukira kunja liphimbeni ndi gozi yonyowetsa ndi saline, osalikankhira m'kati. Mukamanga, gwirani zala muone ngati zikadali zofunda. Pamene papsa, kaya ndi ekizozi ya honda kapena moto, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20 ngati palibe china choopsa chimene chikukuthamangitsani.

Mukatha, bulangete lina pansi, lina pamwamba. Magazi a munthu wozizidwa sagwirana msanga. Usiku wa mu Juni ndi Julayi, kumbuyo kwa vani yotseguka, mphepo yokha ingamalize munthu amene mwamuletsa bwino magazi. Ngakhale mu Okutobala mufunditseni.

10. Kunyamula

Pafunika anthu asanu. Wa kumutu ndiye mtsogoleri, ndipo palibe amene asunthe iye asanawerenge. Atatu agwade mbali imodzi, pamapewa, pachiuno ndi pamiyendo. Pa "chimodzi, ziwiri, zitatu" mutembenuzeni ngati chipika, wina alowetse machira, chitseko kapena thabwa lalikulu, n'kumubwezera. Mangani ndi zitenge pachifuwa, pachiuno ndi pamiyendo, mutu pomaliza.

Wopanikizika m'galimoto musamusolole mokakamiza pokhapokha pali moto kapena simungathe kusamalira kupuma kwake ali momwemo. Mai wa pakati pooneka apendekeredwe kumanzere, pamodzi ndi thabwa lomwe, kuti mwana asapanikize mtsempha waukulu wa m'mimba. Ngati ambulansi palibe ndipo mwapeza vani, yalani matiresi, wovulala agone, mmodzi akhale kumutu njira yonse. Kumukhazika pahonda pakati pa anthu awiri kukhale kothera, pamene njira ina iliyonse yasoweka, ndipo osati kwa wovulala msana.

11. Sankhani kopita, imbani musanafike

Wotaya magazi m'kati amafuna fiyeta (chipinda cha opaleshoni) ndi magazi oikidwa, zimene pakiliniki yaing'ono palibe. Kuima pamenepo kungakudyereni ola lathunthu. Dziwiranitu zipatala za m'njira yanu: Nyimba, Minga ndi Kalindawalo ku Petauke, Nyanje ku Sinda, St Francis ku Katete, Chipata Central, Mwami chakumalire, Kamoto ku Mambwe, Lundazi kumpoto. Imbani mufunse ngati angalandire wodwala wotere panthawiyo. Koma ngati njira ya mpweya ikukukanikani kapena magazi sakuleka, imani pachipatala chilichonse chapafupi mupeze manja owonjezera. Kuchoka ku Katete kufika ku Chipata ndi makilomita opitirira 80, ndipo ndi mtunda wautali kwa munthu amene akubanika.

M'njira, khalani pafupi ndi wodwala, osati kutsogolo ndi dalaivala. Wovulala kwambiri muyang'aneninso mphindi 5 zilizonse, wokhazikika mphindi 15, kuyambira pa mabandeji, kupuma, kugunda kwa mtima mpaka kuyankha kwake. Akasintha, bwererani pachiyambi. Akadali maso mufunseni mankhwala amene amamwa, kaya a shuga, a BP, a khunyu kapena ma ARV, mankhwala amene samuyanja, nthawi imene anadya, ndi nambala ya wachibale. Pambuyo pake mwina sadzatha kuyankha. Dalaivala ayende mosagwedeza. Hampu imodzi yodumphidwa mwaliwiro imatsegulanso bala.

12. Kupereka wodwala

Musangotsitsa machira n'kubwerera. Pezani namwino kapena dokotala, lankhulani mwachidule motsatana, chonchi: "Mwamuna wa zaka pafupifupi 30, wagwa pahonda cha m'ma 14:00, analibe chisoti. Anakomoka, tsopano amayankha mukamuitana. Ntchafu yakumanja yathyoka, bala la pansi pa bondo linali kuthovoka, tamanga tourniquet 14:20. Kugunda kwa mtima kunali 110, tsopano 125. Walandira saline mamililita 500." Kusintha kwa manambala n'kofunika kuposa nambala imodzi. Siyani pepala lanu, ndipo foni, ndalama ndi zitupa za wodwala ziperekedwe pali mboni. Za lipoti la apolisi zibwere pambuyo, munthu atalandira chithandizo.

13. Dzisamalireni inunso

Sambani ndi sopo mpaka m'zigongono. Machira ndi pansi pa galimoto tsukani ndi Jik wa 3.5 peresenti, muyezo umodzi ku miyezo 6 ya madzi. Singano ikakubayani, kapena magazi akalowa m'maso, m'kamwa kapena pachilonda chanu, tsukani ndi madzi ambiri, mupite mukayambe PEP, mankhwala oteteza ku HIV, tsiku lomwelo; malire ake ndi maola 72. Bwezerani zida zimene zatha musanapite kunyumba.

Zolakwa zofala

Kumwetsa wovulala madzi, mkaka kapena zakumwa zotsekemera. Adzapempha mochititsa chisoni, achibale adzakuonani ngati wankhanza, koma angatsamwe, ndipo ngati akupita ku fiyeta mimba iyenera kukhala yopanda kanthu. Munyowetseni milomo ndi kansalu.

Kuthira wokomoka madzi kumaso, kumukhazika tsonga kapena kumugwedeza kuti atsitsimuke. Madziwo amalowa m'mapapo ndipo amamuziziritsa.

Kupaka bala dothi, phulusa, mchere, mafuta a mabuleki kapena mankhwala otsukira mano. Zonsezi dokotala ayenera kuzikolopa pambuyo pake, ndipo dothi limabweretsa kafumbata. Madzi oyera ndi nsalu yoyera zakwana.

Kutanganidwa ndi mwendo wopindika moonekera, munthu akuliza mkonono. Fupa lingadikire.

Kuika pilo pansi pa mutu wa wokomoka. Chibwano chimagwera pachifuwa, njira ya mpweya n'kutsekeka.

Kuyeza kamodzi n'kukhulupirira kuti zikhala choncho. Mwana makamaka amaoneka bwino kwa nthawi yaitali, kenako n'kufooka mwadzidzidzi.

Kusiya ovulala n'kukalowa m'mkangano wa amene walakwa. Dalaivala amene anthu akufuna kumumenya mwina nayenso wavulala m'kati. Mulowetseni m'galimoto ya apolisi kapena yanu, ndipo ayezedwe ngati ena onse.

Kulola amene anapita pansi pa mtengo aja kubalalika osayang'anidwa. Bwererani kwa iwo musanachoke, funsani aliyense za mutu, khosi ndi m'mimba. Wopweteka kumanzere pansi pa nthiti, kapena paphewa lakumanzere popanda bala, mwina kapamba wang'ambika, ndipo ameneyo akwere nawo ulendo woyamba.